Nkhosa Zinawirikiza, Koma Ana Anakhala Khumi

Kuwerenga: Yobu 1:1-3 ndi Yobu 42:10-17



Ife amene tinakalambira m'kalasi tili ndi matenda amodzi osamva mankhwala: tikaona manambala, ngakhale m'Baibulo, timayamba kuwonkhetsa. Choncho tiyambe ndi samu. Mutu woyamba wa buku la Yobu umatiuza chuma cha munthu uja. Anali ndi nkhosa 7,000, ngamila 3,000, ng'ombe zolima magoli 500, abulu aakazi 500, ndiponso ana 10, aamuna 7 ndi aakazi 3. Zonsezi zinatha tsiku limodzi. Kumapeto kwa buku timamva kuti Mulungu anamubwezera Yobu mowirikiza kawiri. Tikawerenga tipeza nkhosa 14,000, ngamila 6,000, magoli 1,000 ndi abulu 1,000. Mpaka pamenepa samu ikuyenda bwino. Koma tikafika pa ana tipeza 10 basi, aamuna 7 ndi aakazi 3, monga poyamba paja. Mwana wa Giredi 4 akhoza kukweza dzanja n'kunena kuti, aphunzitsi, apa pasowa ana ena 10. Funso limeneli tiliike kaye m'thumba, tidzalitulutsa tikayenda pang'ono.

Nkhani yathu lero ndi chimene asayansi amachitcha cloning, ndiko kutenga chamoyo chimodzi n'kupanga china chofanana nacho ndendende, popanda tate ndi mayi kukumana. Ana athu a ku sekondale amaiphunzira, ena amaiona m'mafilimu, ndipo akabwera patchuthi n'kuifotokoza pabwalo, agogo amagwira pakamwa nati, kodi si ilomba imeneyo? Ayi agogo, si ilomba, ndipo si ufiti. Ndi ntchito ya manja a anthu, yochitika masana, yolembedwa m'mabuku, ndipo n'chifukwa chake Mkhristu ayenera kuimvetsa asanaiweruze. Tisaisokonezenso ndi chimanga chija chosinthidwa chibadwa chimene boma la a Levy Mwanawasa linakana mu 2002. Kuja anali kusintha mbewu, kuno ndi kukopera chinthu monga chilili.

Alimi amene mukumvera, ntchito imeneyi mumaichita chaka chilichonse osaitchula dzina. Mukadula phesi la chinangwa n'kulibzala, chomera chija chilibe tate. Chimanga chili ndi makolo awiri, pakuti ufa wa ku ngayaye umagwera pa ndevu, ndipo njere imatengera uku ndi uku. Koma chinangwa chobzala ndi phesi ndi chomwe chija munadula, changosamukira pamzere wina. Chowawa chidzakhala chowawa, chozuna chidzakhala chozuna. N'chimodzimodzi kandolo wobzala ndi masamba ake, nzimbe, ndi ana a nthochi amene timazula patsinde. Palibe amene anayamba waulula tchimo kwa wansembe chifukwa chobzala chinangwa.

Koma mbuzi simungaidule khutu n'kulibzala. Kwa zaka zambiri anthu ophunzira anali kuganiza kuti pa nyama zimenezi sizingatheke. Kuti timve chifukwa chake, tikumbuke kuti thupi linamangidwa ndi tizigawo ting'onoting'ono totchedwa maselo, monga nyumba imangidwa ndi njerwa. Pakati pa selo pali kanjere kosunga malangizo onse a kapangidwe ka thupi, amene amawatcha DNA. Tiyerekeze kuti malangizowo ndi buku. Selo la pakhungu lili ndi buku lonse, koma limangowerenga tsamba la khungu, masamba ena onse anamatidwa. Selo la m'chiwindi limawerenga tsamba la chiwindi. Funso linali lakuti, kodi masamba omatidwa aja angathe kutsegulidwanso, kuti selo liyambe kuwerenga kuchokera patsamba loyamba monga limachitira dzira likangotenga pathupi? Mu 1962 John Gurdon wa ku England anaonetsa kuti pa achule zimatheka. Anatenga kanjere ka selo la m'matumbo a mbululu, nakaika m'dzira la chule limene analichotsa kanjere kake, ndipo panatuluka mbululu yatsopano. Koma anthu anati, chule ndi chule, nyama yoyamwitsa ndi nkhani ina.

Ndiye pa 5 July 1996, pamalo ofufuzira za ziweto otchedwa Roslin Institute, pafupi ndi mzinda wa Edinburgh ku Scotland, panabadwa kamwana ka nkhosa. Anakatcha Dolly. Gulu la asayansi lotsogozedwa ndi Ian Wilmut ndi Keith Campbell linasunga chinsinsi mpaka February 1997, ndipo atalengeza, dziko lonse linagwedezeka. Anachita motere. Anatenga selo la m'bere la nkhosa yaikazi ya zaka 6, ya mtundu wa nkhope yoyera. Anatenganso dzira la nkhosa ina ya nkhope yakuda, nalichotsa kanjere kake ndi kachipangizo kosongoka kuposa singano, dziralo n'kutsala ngati nyumba yopanda mwini. Kenaka anaphatikiza selo lija ndi dzira lija pogwiritsa ntchito mphamvu pang'ono ya magetsi. Dzira linatsegula masamba omatidwa aja n'kuyamba kugawikana monga mluza. Mluzawo anauika m'chiberekero cha nkhosa yachitatu, nayonso ya nkhope yakuda. Miyezi isanu itakwana, nkhosa ya nkhope yakuda inaswa mwana wa nkhope yoyera. Panalibe nkhosa yamphongo pa nkhani yonseyi.

Tisabise, abale, iyi ndi nzeru yodabwitsa. Koma onani bwino pamene pali chodabwitsa. Asayansi aja sanalenge selo. Sanalenge dzira. Sanalembe ngakhale chilembo chimodzi m'buku lija. Anabwereka dzira kwa nkhosa imene Mulungu analenga, anabwereka chiberekero kwa nkhosa ina, ndipo ntchito yeniyeni yotsegula masamba inachitidwa ndi dzira lokha. Tikamva anthu akunena kuti munthu tsopano wafika pokhala mlengi, tiyankhe mofatsa kuti wokopera kalata sindiye mlembi wake.

Tsopano mtengo wake, umene mafilimu saonetsa. Kuti Dolly abadwe, anayesa mazira 277. Mwa amenewa, 29 okha ndiwo anakula kufika pokhala miluza yoti n'kuikidwa m'mimba. Anaiika mwa nkhosa 13, ndipo mwana wamoyo anali mmodzi. Galu woyamba kukoperedwa, Snuppy, anabadwa ku South Korea mu 2005, pambuyo poika miluza yoposa 1,000 mwa agalu aakazi 123. Pa ng'ombe, ana ambiri okoperedwa amakula mopitirira m'mimba, kotero kuti mayi amavutika kuswa mpaka kumung'amba, ndipo ena amafa atangobadwa chifukwa mapapo kapena mtima sizinakhwime bwino. Ku Spain kunali mtundu wa mbuzi zakuthengo za m'mapiri umene unatheratu mu 2000. Mu 2003 asayansi anakopera yomaliza ija. Kamwanako kanabadwa, kanapuma movutika mphindi zochepa, n'kufa. Mtunduwo unatha kawiri.

Dolly mwini anakhala moyo wa nkhosa. Anabereka ana 6 mwa njira ya masiku onse, anayamba kuvutika ndi nyamakazi, kenaka anagwidwa ndi matenda a m'mapapo oyambitsidwa ndi kachilombo kamene kamagwiranso nkhosa zina. Anamupha mwachifundo pa 14 February 2003 ali ndi zaka 6 ndi theka, pamene nkhosa za mtundu wake zimatha kufika zaka 11 kapena 12. Kuti tikambe mwachilungamo, nkhosa zina 4 zimene zinakoperedwa pambuyo pake kuchokera ku maselo omwewo zinakalamba bwino ku Nottingham mpaka zaka 9. Choncho sitinganene kuti chokoperedwa chilichonse chimafa msanga. Chimene tinganene n'chakuti kumbuyo kwa chimodzi chamoyo kuli mulu wa zofa, ndiponso nyama zazikazi zambiri zimene zinabayidwa ndi kung'ambidwa. Buku la Miyambo, mutu 12, limayesa chilungamo cha munthu poona mmene amasamalira moyo wa chiweto chake. Mawu amenewo sanalembedwere mlimi yekha, amafika mpaka ku labotale.

Kodi tsono tinene kuti kukopera nyama konse ndi tchimo? Ife sitikutero. Mulungu anaika munthu m'munda kuti aulime ndi kuusunga, ndipo kusankha mbewu kapena nkhunzi yabwino ndi gawo la ntchitoyo kuyambira kale. Muno mu Africa, ng'ombe yoyamba kukoperedwa inabadwa ku South Africa mu 2003, naitcha Futhi, ndipo inatengedwa ku ng'ombe yotulutsa mkaka wambiri. Mu 2012, ku Nairobi m'dziko la Kenya, bungwe lofufuza za ziweto la ILRI linakopera nkhunzi ya mtundu wa Boran, nkuitcha Tumaini, dzina la Chiswahili lotanthauza chiyembekezo. Cholinga chawo chachikulu chinali kupeza njira yopezera ng'ombe zosagonja ku matenda ofalitsidwa ndi kashembe. Inu a kuchigwa cha Luangwa, amene mumalima ndi khasu chifukwa ng'ombe sizikhalitsa kwanuko, mukudziwa kuti imeneyi si nkhani yamasewera. Ntchito yofuna kuthandiza mlimi wotere tiyenera kuipempherera. Koma kumaiko olemera kulinso makampani amene amakopera galu wa munthu wachuma akafa, pa mtengo wa madola pafupifupi 50,000. Ndalama zimenezo zingakumbe mijigo ingapo. Luso ndi limodzi, koma mitima yoligwiritsa ntchito ndi yosiyana, ndipo funso la Mkhristu nthawi zonse likhale lakuti, kodi apindule ndani, nanga avutike ndani?

Palinso chenjezo limene munda wa chinangwa umatipatsa kwaulere. Mukabzala mapesi ochokera ku mtengo wodwala khate la chinangwa, munda wonse udzakwinyika masamba, chifukwa zonse ndi thupi limodzi. Nthochi zimene zinali kugulitsidwa ku Ulaya ndi ku America kale zinali za mtundu umodzi wotchedwa Gros Michel, ndipo m'zaka za m'ma 1950 matenda a m'nthaka anasesa minda yake ku Central America, pakuti panalibe tsinde losiyana ndi linzake loti n'kupirira. Anasinthira ku mtundu wina, Cavendish, ndipo nawonso tsopano uli pangozi ndi matenda ofanana nawo, amene anapezeka kumpoto kwa Mozambique mu 2013. Ng'ombe zathu za Angoni n'zazing'ono, mkaka wake ndi wochepa, zina zofiira, zina zakuda, zina zamawanga, koma chigodola chikalowa m'khola kapena chilala chikafika, kusiyana kumeneko ndiko kumasiyako zina. Khola la ng'ombe 20 zokoperedwa ku imodzi lingaoneke lokongola pa chionetsero cha zaulimi, koma nthenda imene ingaphe imodzi ingathe kutenga zonse.

Tsopano tifike pa munthu, pamene mtima wa nkhani uli. Choyamba tichotse mantha opanda pake: palibe umboni wakuti pali munthu aliyense padziko amene anabadwa mwa kukoperedwa. Mu December 2002 kampani yotchedwa Clonaid, yogwirizana ndi kagulu ka chipembedzo chokhulupirira kuti anthu anapangidwa ndi zolengedwa zochokera kumlengalenga, inalengeza kuti kwabadwa mwana wamkazi wokoperedwa, dzina lake Eve. Manyuzipepala anasokosera, koma mwanayo sanamuonetse, ndipo umboni sunabwere. Mu 2004 ndi 2005 wasayansi wotchuka wa ku South Korea, Hwang Woo-suk, yemwe uja anakopera galu, analengeza kuti wapanga miluza ya anthu yokoperedwa n'kutengamo maselo ochizira matenda. Dziko lake linamuyesa ngwazi. Yunivesite yake itafufuza, inapeza kuti zotsatirazo zinali zabodza. Koma chimene chiyenera kutiwawa kwambiri si bodzalo. Ntchito imeneyo inadya mazira oposa 2,000 ochokera m'matupi a amayi, ndipo ena mwa amayiwo anali antchito ake aang'ono a mu labotale momwemo. Kuti mayi apereke mazira ambiri chotero, amabayidwa mankhwala masiku angapo, kenaka amamulowetsa singano, ndipo ena amadwala nazo. Amayi a Mothers' Union, taganizani: tsiku limene malonda otere adzafune mazira ndi ziberekero zambiri pamtengo wotsika, adzapita kukagogoda pakhomo la ndani? Sadzapita kwa ana a anthu olemera.

Mu January 2018 asayansi a ku Shanghai m'dziko la China analengeza kuti akopera anyani awiri, Zhong Zhong ndi Hua Hua, mwa njira yomwe ija ya Dolly. Izi zikutanthauza kuti mpanda umene unali pakati pa nkhosa ndi munthu wafupika. Maiko ambiri anaika kale malamulo. Britain inaletsa mu 2001 kuika mluza wokoperedwa m'mimba mwa mayi. Mu 2005 bungwe la United Nations linavomereza chikalata chopempha maiko kuletsa kukopera anthu, maiko 84 anavomera, 34 anakana, 37 sanavote. Chikalatacho sichimanga dziko lililonse, ndipo ambiri amene anakana sanali kufuna ana okoperedwa ayi. Mkangano wawo unali pa miluza yopangidwira kafukufuku wa mankhwala, imene imawonongedwa ikatha masiku ochepa. Pamenepa Akhristu enieni, ngakhale mu mpingo wathu wa Angilikani, saona mofanana. Ife tikuima ndi amene amati moyo wa munthu, ngakhale uli waung'ono ngati njere ya mpiru, usapangidwe ndi cholinga choti uphwasulidwe. Ndipo tikuthokoza Mulungu kuti mu 2006 Shinya Yamanaka wa ku Japan anapeza njira yobwezera selo la pakhungu ku ubwana wake popanda dzira kapena mluza. Iye ndi John Gurdon uja wa achule analandira mphoto ya Nobel mu 2012. Nthawi zina munthu akakana njira yachidule, njira ina yabwino imapezeka.

Koma tiyerekeze kuti tsiku lina zoopsa zonse zatha, palibe mluza wotayika, palibe mayi wovulala. Kodi wobadwayo adzakhala ndani? Apa mafilimu amanama kwambiri. Amaonetsa munthu wamkulu akutuluka m'makina ali ndi ndevu zake, akukumbuka zonse. Zoona zake n'zakuti angabadwe khanda, lolira usiku, lofuna bere. Angakhale ngati mapasa ndi munthu uja anakoperedwa, koma mapasa obadwa motalikirana zaka 30 kapena 50. Ndipo mapasa timawadziwa. Tinawaphunzitsa m'kalasi, ofanana kotero kuti tinali kuwakhazika mbali zosiyana kuti tisasokoneze mamakisi. Koma pofika temu yachiwiri tinali kuwadziwa ndi mayendedwe okha, wina wokonda mpira, wina wamanyazi, wina wa samu, wina wa nyimbo. Akapita kukatenga kadi la NRC, aliyense amadinda chala chake, pakuti ngakhale mapasa ofanana kwambiri ali ndi mizere ya zala yosiyana. Mmodzi mwa atumwi khumi ndi awiri, Tomasi, anali kutchedwa Didimo, kutanthauza mapasa. Ambuye anaitana Tomasi, ndipo ndi Tomasi amene anakayika, ndi Tomasi amene anaonetsedwa mabala. Mnzake wobadwa naye sitimumva n'komwe.

Ngakhale pa nyama zili choncho. Mphaka woyamba kukoperedwa anabadwa ku Texas mu December 2001, namutcha CC, monga tinkalembera pa makalata a kaboni masiku a taipi aja. Mphaka amene anamukopera anali wa mawanga a mitundu itatu, kuphatikizapo ofiirira ngati lalanje. CC anabadwa wopanda mawanga a lalanjewo. Buku linali limodzi, koma thupi linaliwerenga mwa njira yake. Ngati kaboni walephera pa ubweya wa mphaka, nanga pa mtima wa munthu?

Wina anafunsa kuti, kodi munthu wotereyo angakhale ndi mzimu? Tiyankhe mosazungulira. Inde. Akanabadwa, akanakhala munthu wathunthu, m'chifanizo cha Mulungu, ndipo akanabwera naye ku tchalitchi tikanamubatiza monga mwana wina aliyense. Mwana sasenza mlandu wa njira imene anabwerera, monga momwe sitikanira ubatizo mwana wobadwa kunja kwa ukwati. Cholakwa chikanakhala cha akuluakulu amene anamuitanitsa.

Cholakwacho n'chiyani? Lamulungu lililonse tikaimirira kunena Chikhulupiriro cha ku Nicea, timasiyanitsa zinthu ziwiri pokamba za Mwana wa Mulungu: kubadwa ndi kupangidwa. Mphunzitsi wina wa mpingo wathu ku England, Oliver O'Donovan, analemba kabuku mu 1984, Dolly asanabadwe, kofotokoza kuti kusiyana kumeneku kumakhudzanso ife. Chimene wabereka ndi mnzako, wofanana nawe ulemu. Chimene wapanga chili pansi pako. Mmisiri akasema mpando amayamba waona m'maganizo mwake mmene udzakhalire, ndipo ukapanda kutuluka bwino amauponya pamoto. Koma mwana sitimujambula. Amabwera ngati mlendo, ndi mphuno ya agogo a kuchimuna, mawu a azakhali, ndi khalidwe limene palibe akudziwa kumene lachokera. Timamulandira tisanadziwe kuti adzakhala wotani. Mwana wokoperedwa angabwere atalembedwa kale ntchito yoti akhale uje, ndipo tsiku lililonse angayesedwe ndi muyeso wa munthu wina. Akalephera, angaoneke ngati katundu amene sanafanane ndi chithunzi cha m'sitolo.

Ndani angafune zotere? Ena ndi onyada, ofuna kudziona okha kawiri. Amenewo tisataye nawo nthawi. Koma ena ndi anthu olira, ndipo awa tiwakambe ndi ulemu. Ndi banja limene lakhala zaka 15 popanda mwana, mayi akunyozedwa ndi apongozi ngati kuti vuto limakhala la mkazi yekha. Ndi bambo amene anaika m'manda mwana wake wa zaka 7 chifukwa cha malungo, ndipo akanapereka ng'ombe zonse kuti amuonenso akuthamanga pabwalo. M'mipingo yathu, maka ife amene tinapyola zaka zija matenda a Edzi anali kutitengera ana mlungu ndi mlungu, palibe amene angaseke munthu wotere. Wina atabwera ndi kunena kuti, ndipatseni kachidutswa ka khungu lake, ndikubwezerani mwana wanu, ambiri a ife tikanagwada. N'chifukwa chake tiyenera kunena poyera kuti lonjezo limenelo ndi labodza. Angakupatseni nkhope, koma mwana uja amene munamuphunzitsa kuyenda, amene anali kuopa bingu, amene munamuyimbira usiku womaliza, sali mu kachidutswa ka khungu. Ali m'manja mwa Mulungu. Mfumu Davide, mwana wake atamwalira, anadzuka, nasamba, napita kukapembedza, ndipo anauza antchito ake kuti iye ndiye adzapita kwa mwanayo, mwanayo sadzabwerera kwa iye. Pambuyo pake kunabadwa Solomo, ndipo anali Solomo.

Tsopano titulutse funso lija m'thumba. N'chifukwa chiyani nkhosa zinawirikiza koma ana ayi? Aphunzitsi akale a mpingo anayankha kuti samu ya Mulungu sinalakwe. Nkhosa 7,000 zija zinatayika ndithu, ndipo nkhosa imalowa m'malo mwa nkhosa, choncho anafunika 14,000. Koma ana 10 oyamba aja sanatayike. Anali amoyo kwa Mulungu, ndipo anali ana a Yobu mpaka muyaya. Ana 10 kumwamba ndi ana 10 pansi pano, pamodzi 20. Ana atsopanowo sanabwere kudzatseka dzenje la oyamba, anabwera kudzawonjezera. Wina angatikumbutse kuti Hava atabereka Seti ananena kuti Mulungu wamupatsa wina m'malo mwa Abele. N'zoona, ndipo chitonthozo chotere n'chochokera kwa Mulungu. Koma Hava sanamutche Abele. Ndipo kalata ya kwa Ahebri, patapita mibadwo yambirimbiri, imakambabe za Abele monga munthu amene akulankhula ngakhale anafa. Malo ake sanalandidwe.

Abale, makina okopera anthu sadzafika m'midzi mwathu posachedwa. Koma mtima wofuna kukopera unafika kale, ndipo sufuna magetsi. Kupatsa mwana dzina la agogo kapena la malemu ndi mwambo wabwino, umasunga mbiri ya banja, ndipo sitikuutsutsa. Vuto limayamba pamene dzina lasanduka goli. Tinawaona m'sukulu ana obadwa pambuyo pa maliro, amene anakula akumva kuti, mkulu wako malemu sakanachita zimenezi, malemu anali wanzeru, malemu anali womvera. Mwana wamoyo angapikisane bwanji ndi wakufa, amene salakwanso? Tinaona atate okakamiza mnyamata wa manja a ukalipentala kuti akhale mphunzitsi chifukwa iwo anali mphunzitsi, ndi ena okana mwana chifukwa sanafanane nawo nkhope. Tinaona ana amasiye oleredwa kwa amalume akumakumbutsidwa tsiku ndi tsiku kuti si magazi a m'nyumbamo, ngati kuti magazi ndiwo amapanga mwana, pamene Ambuye wathu mwini analeredwa ndi Yosefe amene sanamubereke. Pa ubatizo wansembe amafunsa dzina la mwana mmodzi, namuthira madzi mwana ameneyo, namulemba chizindikiro cha mtanda pamphumi pake. Ngakhale abwere mapasa, amafunsa kawiri.

Mukafika kunyumba, kapena ngati muli kale pamphasa, tsegulani Yobu 42 kuyambira vesi 13. Mudzaona kanthu kena kamene owerenga ambiri amakadumpha. Ana oyamba aja sitinauzidwe maina awo, koma apa wolemba akuima n'kutchula ana aakazi atatu mmodzimmodzi: Yemima, Keziya ndi Kerenihapuki. Ndipo atate awo anawapatsa cholowa pamodzi ndi alongo awo, chinthu chimene sichinali kuchitika kawirikawiri masiku amenewo. Munthu amene anaika ana 10 m'manda tsiku limodzi anayang'ana aliyense wa atsopanowa kumaso n'kumupatsa dzina lake.

Tiyeni tipemphere.

Mulungu Atate, amene munatiumba m'mimba mwa amayi athu, tikuika m'manja mwanu amayi ndi abambo amene anaika ana awo m'manda, ndi mabanja amene akudikirabe mwana. Muwatonthoze ndi chitonthozo chanu. Tikupempherera asayansi a ku Roslin, ku Nairobi, ku Shanghai ndi a kuno kwathu, kuti muwapatse nzeru pamodzi ndi chifundo. Muteteze amayi osauka kwa onse ofuna kuchita malonda ndi matupi awo. Mudalitse makola athu ndi minda yathu nyengo ino. Ndipo ana amene agona m'nyumba zathu usiku uno, obereka ndi olera omwe, muwasunge mpaka kuche. Mwa Yesu Khristu Ambuye wathu. Amen.